Mfundo imene jaji sanaloledwe kuimva: lipoti la apilo ya mayi wa ku Dedza ku UK

Ndimagwira ntchito yauparaligo kuno ku Dedza, yothandiza anthu pa nkhani za malamulo ngakhale sindine loya, ndipo nkhani zambiri zimene zimafika pa tebulo langa ndi za malo, za chuma cha masiye, za abambo othawa kusamala ana, ndi za anthu okhalitsa pa rimandi. Iyi ndi ya mtundu wina: ya mayi wopempha chitetezo ku UK ngati wothawa kwawo. Mwini wake anali ku England, makhoti ake anali komweko, ndipo ine sindine loya wa dziko limenelo. Mbali yanga inali kusonkhanitsa umboni kumudzi ndi kumasulirira achibale zimene maloya akunena. Ndailemba chifukwa mabanja a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene ali ndi ana ku UK akuchuluka, ndipo anzanga ena ayamba kulandira alendo ngati amene ndinalandira ine. Mayina ndi mudzi ndachotsa, ndipo mwini nkhani anavomera kuti ndilembe.

Anafika pa ofesi m'mawa wina wa Juni, chifunga chisanachoke pa phiri la Dedza: mayi wachikulire ndi mlongo wawo, yemwe ndi mwinimbumba. Pa foni ya malumewo panali zithunzi za kalata yaitali ya Chingerezi yochokera ku Home Office, unduna umene umaona za anthu olowa ndi kukhala m'dziko la UK. Mwana wa mayiwo, yemwe kuno anali mphunzitsi wa pulayimale, anali atakanidwa pempho lake loti atetezedwe ngati wothawa kwawo.

Mbiri yake inali yotere. Anakwatiwa ndi mwamuna wankhanza, anamenyedwa kangapo mpaka kugonekedwa m'chipatala, banja linathera pa bwalo la mfumu, koma mwamunayo anapitiriza kumuopseza. Msuweni wake anamuthandiza kupita ku UK pa visa ya maphunziro. Ndalama za fizi zitatha, visa nayo inatha, ndipo ndi pamene anapempha chitetezo. Home Office inakana pa zifukwa zitatu: anachedwa kupempha, zomwe lamulo lawo la 2004, pa gawo 8, limati zimachepetsa kukhulupirika kwa munthu, Malawi ili ndi lamulo la 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja komanso ofesi zothandiza ozunzidwa pa polisi, ndipo ngati akuopa Dedza, akhoza kukakhala ku Blantyre kapena ku Mzuzu.

Nditamaliza kuwawerengera, malume anati, "Bambo, ife tamva kuti kuli apilo. Basi akapite kwa akuluakuluwo akafotokoze zonse bwinobwino. Mlandu suwola."

Kwathu kuno mawu amenewa ndi oona. Nkhani ikakanika kwa nyakwawa imakwera kwa gulupu, ikakanikanso imafika kwa T/A, ndipo pa bwalo lililonse munthu amayambira pachiyambi, kuwonjezera zimene anaiwala, kubweretsa mboni yatsopano. Wodziwa kuyankhula pa bwalo amasunga mfundo yake yolemera kuti aiponye kumapeto, anthu onse atatchera khutu. Nzeru imeneyi ndi imene inatipweteka pa mlandu uwu, ndipo inalinso m'mutu mwanga ngakhale ndinkadziona ngati wodziwa malamulo.

Khomo loyamba

Chiyambireni Epulo 2015, pamene lamulo la Immigration Act 2014 linayamba kugwira ntchito mokwanira pa nkhani za apilo, si chiganizo chilichonse cha Home Office chimene munthu angapite nacho ku khoti la apilo. Gawo 82 la Nationality, Immigration and Asylum Act 2002 limatchula zitatu zokha: kukanidwa chitetezo, kukanidwa pempho lokhudza ufulu wachibadwidwe, ndi kulandidwa chitetezo chimene unapatsidwa kale. Gawo 84 limatchulanso zifukwa zimene munthu wokanidwa chitetezo angaimirepo: kuti kumuchotsa m'dzikomo kukuphwanya pangano la othawa kwawo la 1951, kapena udindo wa UK woteteza anthu amene moyo wawo uli pa chiopsezo chachikulu, kapena lamulo lawo la ufulu wachibadwidwe la 1998. Kungonena kuti "sanandichitire chilungamo" si chifukwa cha apilo. Ndipo munthu amene ali m'dzikomo ali ndi masiku 14 okha kuchokera tsiku limene kalata yatumizidwa.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa ambiri obwera kwa ife amafunsira ana aamuna. Malawi ili pa mndandanda wa gawo 94 la lamulo lomwelo, wa maiko amene UK imati kawirikawiri mulibe chizunzo, koma ili pamenepo pa nkhani za amuna okha. Mwamuna wa ku Malawi akakanidwa, Home Office imayenera kulemba kuti pempho lake ndi lopanda maziko konse, pokhapokha itaona kuti sizili choncho, ndipo kuyambira pa 28 Juni 2022 pempho lolembedwa choncho lilibe apilo ina iliyonse. Mayi wathuyu khomo linamutsegukira, ndipo loya wake anaponya apilo ku First-tier Tribunal, khoti loyamba lomva maapilo otere, nthawi isanathe.

Kalaliki wa loyayo anandilembera imelo yopempha zinthu zitatu: mawu olumbirira a mayi achikulire aja, umboni wa mlandu wa banja kwa mfumu, ndi zithunzi za kabuku ka kuchipatala komwe kanalembedwa mabala a mwana wawo. Ntchito imeneyi inanditengera miyezi, ndipo ndinaigwira bwino. Pamene ndinapunthwa ndi pena.

Tsiku lina m'dzinja, titamaliza kuwerenganso mawu awo, malume anatuluka kukagula mayunitsi. Mayiwo anakoka mpando kuyandikira tebulo, n'kutsitsa mawu.

"Bambo, mwana uja wachira. Mwana wamwamuna."

Ndinawayamikira. Iwo sanamwetulire. Anapinda nsonga ya chitenje, kuimasula, kuipindanso.

"Koma wabadwa woyera. Ngati achimwene anga aja anatisiya. Musauze munthu, ngakhale malume akewa sakudziwa."

Ndinamva zimene ankatanthauza. Mwanayo anali wachialubino, ndipo mlongo wawo wina, yemwe anamwalira kale, analinso wachialubino. Ndinawalonjeza kuti sindiuza munthu, ndinawauza za mafuta oteteza khungu ndi chipewa, ndipo nkhani inathera pomwepo. Patapita masabata awiri kalaliki uja analemba mzere umodzi pansi pa imelo yake: kodi pali china chimene chasintha m'banjamo? Ndinayankha kuti palibe. Ndinaganiza kuti akufunsa za kumudzi, ndipo ndinaganizanso kuti za mwanayo mayi ake anawauza kale maloyawo, popeza ali nawo mumzinda umodzi.

Sanawauze. Loya ankadziwa kuti kwabadwa mwana, koma sanamuonepo, chifukwa zokambirana zawo zonse zinali za pa foni. Bambo a mwanayo anali Mmalawi wopanda mapepala, ndipo kubadwira ku UK sikumupatsa mwana unzika: kuyambira pa 1 Januwale 1983 pamafunika kuti kholo limodzi likhale nzika kapena lokhazikika mwalamulo. Choncho loya anaona kuti kubadwa kwa mwanayo pakokha sikusintha zambiri. Mayiyo anabisa khungu la mwana wake pa zifukwa ziwiri zimene anandiuza yekha pambuyo pake. Ankaopa kuti Amalawi anzake akadziwa, nkhani ifika kumudzi tsiku lomwelo. Ndipo amayi ena a kutchalitchi anamulangiza kuti asathere zonse m'mapepala, ina asunge kuti akamuuze jaji maso ndi maso.

Sindinayenera kuulula chinsinsi chimenecho kwa loya mwini wake asanalole, ndipo mpaka lero sindikanatero. Chimene ndinayenera kuchita tsiku lomwelo ndi kuwapempha mayiwo kuti tiimbire mwana wawo limodzi, ndi kumuuza kuti loya wake ayenera kumva zimenezi sabata yomweyo. Panali miyezi inayi tsiku la mlandu lisanafike.

Tsiku la mlandu

Ku England nthawi zambiri loya wokonza mapepala ndi wina, wokayankhula m'khoti ndi winanso. Wachiwiriyu anakumana ndi mayiyu koyamba m'mawa wa tsiku la mlandu, m'kachipinda kodikirira. Mayiyo anabwera atabereka mwana kumsana ndi chitenje, ndipo pomutsitsa kuti amuyamwitse kachipewa kanagwa. Loyayo anaona tsitsi loyera, anafunsa mafunso awiri atatu, ndipo anazindikira kuti mlandu weniweni wa banjali sunali m'mapepala amene ananyamula.

Apa ndi pamene gawo 85 la lamulo la 2002 lija linatseka njira. Gawoli limalola jaji kumva umboni wa zinthu zimene zachitika Home Office itapanga kale chiganizo chake, koma limamuletsa kumva chimene amachitcha new matter pokhapokha Home Office itavomera. New matter ndi nkhani imene payokha ikhoza kukhala chifukwa cha apilo, koma Home Office sinaiganizirepo, kaya pa chiganizo chake kapena pa mawu amene munthu amapereka poyankha chidziwitso cha gawo 120. Chidziwitso chimenechi chimamuuza wopempha kuti anene zifukwa zake zonse, ndipo zinthu zikasintha anenenso msanga. Upper Tribunal, khoti la apilo la pamwamba pa First-tier Tribunal, inafotokoza kusiyana kwake mu 2017 pa mlandu wa Mahmud: umboni wowonjezera pa nkhani yakale ndi chinthu china, nkhani yosiyana ndi yakaleyo ndi chinanso. Kalata ina yonena kuti mwamuna uja akuopsezabe ikanalowa popanda vuto. Chiopsezo cha mwana wachialubino chinali nkhani yatsopano kotheratu, ya munthu wina, ya adani ena, yofuna umboni wina.

Jaji anapereka kanthawi kuti woimira Home Office akafunse akuluakulu ake. Anabwera ndi yankho loti sakuvomera, chifukwa nkhaniyo sinafufuzidwe ndipo mayiyo ali ndi njira ina yoiperekera. Lamulo limawalola kutero, ndipo sindingawanene kuti analakwa pa nkhani imene anaimva m'mawa womwewo. Mlandu wa Quaidoo wa 2018 unanena kuti jaji wa apilo alibe mphamvu yogwetsa kukana koteroko. Wodandaula ayenera kutsegula mlandu wina wa judicial review, wopempha khoti kuti liunike ngati chiganizocho chinapangidwa motsatira lamulo. Maloya anaona kuti njira imeneyo ndi yodula, yochedwa, ndipo ndi yofooka pamene khomo lina lilipo. Choncho mlandu unapitirira pa nkhani ya mwamuna yekha, mwana ali pamiyendo pa mayi ake, jaji akumuona koma osaloledwa kugamula za iye.

Chigamulo chinabwera patapita masabata angapo. Jaji anakhulupirira kuti mayiyo anamenyedwadi. Sanakhulupirire kuti mwamunayo akumusakabe patapita zaka zonsezi, ndipo anati akhoza kukhala ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Apilo inakanidwa.

Makalata a chidindo

Chinsinsi chinaphulika m'banjamo. Malume, atamva kuti mfundo yaikulu sinamveke, sanagone. Pa masiku anayi anabwera ndi kalata ya chidindo cha mfumu, ina ya kutchalitchi, ina ya komiti ya chitetezo cha m'mudzi. "Bambo, tumizani izi ku apilo yaikuluyo. Tsopano akamva." Ndinatumiza usiku womwewo.

Yankho la loya linali laulemu koma lachidule, ndipo linandiphunzitsa zambiri. Upper Tribunal si bwalo la T/A. Simvanso mlandu kuyambira pachiyambi. Pansi pa gawo 11 la Tribunals, Courts and Enforcement Act 2007, munthu amapitako pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti jaji woyamba analakwitsa pa lamulo, ndipo amayenera kupempha chilolezo kaye, pa masiku 14 enanso. Kulakwitsa pa lamulo ndi monga kugwiritsa ntchito muyeso wolakwika, kusaganizira umboni wofunika umene unali pamaso pake, kusapereka zifukwa zomveka, kapena kuyendetsa mlandu mopondereza mbali imodzi. Jaji sangalakwe chifukwa chosawerenga kalata imene inalembedwa iye atagamula kale. Malamulo a khotilo, pa ndime 15(2A), amalola kupempha kuti umboni watsopano ulowe, koma umayenera kufotokoza chifukwa chake sunabwere poyamba, ndipo kawirikawiri umagwira ntchito pokhapokha chigamulo choyamba chitagwetsedwa.

Loya analemba zifukwa zitatu: kuti jaji sanatchule kabuku ka kuchipatala, kuti sanafotokoze mokwanira za kukakhala ku Blantyre, ndi kuti anayenera kuimitsa mlandu kapena kuganizira za mwanayo. First-tier Tribunal inapereka chilolezo pa chifukwa choyamba chokha. Loya anapemphanso ku Upper Tribunal pa ziwiri zotsalazo, ndipo zinakanidwanso. Kale munthu akanatha kupita ku High Court kukadandaula za kukanidwa chilolezo kotere, koma Judicial Review and Courts Act 2022 inatseka njira imeneyo mu Julayi 2022, kupatula pa zinthu zochepa kwambiri.

Ndinali nditawerengapo za mlandu wa Robinson wa 1997, umene umati jaji akaona mfundo yoonekeratu ya pangano la othawa kwawo, yokhala ndi mwayi waukulu wopambana, ayenera kuitola ngakhale loya sanaitchule. Ndinafunsa ngati sungatithandize, poti palibe chinthu choonekeratu kuposa mwana amene ali m'khoti momwemo. Loya anati ayi. Robinson amakhudza mfundo imene jaji anali ndi mphamvu yoimva koma sinatchulidwe. Mfundo yathuyi, nyumba ya malamulo ya UK inachita kumuletsa kuimva.

Pa tsiku la Upper Tribunal loya anayankhula pa chifukwa chimodzi chololedwacho, ndipo sanayese kuzembetsa zina. Makhoti awo salola zimenezo. Pa mlandu wa Talpada mu 2018, Lord Justice Singh wa Court of Appeal anachenjeza kuti zifukwa za apilo zisamangomera nthambi mlandu uli mkati, ndipo mu 2023, pa mlandu wa Lata, Upper Tribunal inanenetsa kuti mbali zonse zizitchula msanga mfundo zimene zikukanganirana, chifukwa mfundo imene sinatchulidwe kwa jaji woyamba n'kovuta kuti idzakhale chifukwa cha apilo. Chigamulo chinali chimene loya anatichenjeza kale: popeza jaji woyamba anavomera kuti mayiyo anamenyedwa, kusatchula kabuku ka kuchipatala sikunasinthe kanthu. Maapilo onse anathera pamenepo.

Kuwauza mayi aja zimenezi kunali kovuta kuposa china chilichonse pa mlanduwu. Anandifunsa kuti, "Ndiye mwanayo sanamuone?" Ndinati anamuona. "Nanga bwanji?" Ndinawafotokozera kawiri, ndipo kachitatu ndinawauza za imelo ija ndi yankho langa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinakuuzani ndine kuti musanene." Ndinawayankha kuti kudziwa kulemera kwa nkhaniyo inali ntchito yanga, osati yawo.

Kuyambanso

Khomo lotsala linali ndime 353 ya Immigration Rules, malamulo a za olowa ndi kukhala ku UK. Munthu amene maapilo ake atha akhoza kupereka mfundo zina ku Home Office, kawirikawiri popita yekha ku ofesi yawo monga ya ku Liverpool. Home Office ikazikana, imayenera kuonanso ngati zikukwana kukhala fresh claim: kodi ndi zinthu zimene sizinaganiziridwepo, ndipo zikaphatikizidwa ndi zakale zili ndi mwayi weniweni wopambana pamaso pa jaji? Ikati inde, apilo yatsopano imabadwa. Ikati ayi, palibe apilo. Loya anaganiziranso zoti mwanayo apemphe chitetezo payekha, koma anasankha kuti nkhani ya mayi ndi mwana iyendere limodzi, chifukwa funso linali la moyo umene awiriwo akakhale nawo akabwerera.

Choyamba chimene loya anachita ndi kuika pambali makalata a malume aja, ndipo ndinathokoza kuti sanawalowetse m'khoti. Nditapita kumudzi kukafunsa, ndinapeza kuti kalata ya mfumu inalembedwa m'Chingerezi ndi mnyamata wa Fomu 4, mfumu inangodinda. Inkati mwamuna uja amabwera m'mudzimo sabata iliyonse, pamene mayi achikulire aja analumbira kale kuti anamuona komaliza zaka ziwiri zapitazo. Inkatinso mwanayo akangofika adzaphedwa, mawu amene palibe munthu angawachitire umboni. Chiyambireni mlandu wa Tanveer Ahmed mu 2002, ndi udindo wa wopempha kusonyeza kuti pepala lake ndi lodalirika, ndipo jaji amaliyesa pamodzi ndi umboni wina wonse. Chidindo chimene kwathu kuno chimatseka pakamwa aliyense, kumeneko sichitsimikizira kanthu. Kalata imodzi yokokomeza ikanadetsa mawu onse oona a banjali.

Ulendo uno ndinayamba ndi funso limene poyamba sindinaliganizire: kodi kufufuza kwangaku kuika ndani pa ngozi? Kuyenda khomo ndi khomo kufunsa za anthu achialubino n'kulengeza kuti banja lakuti lili ndi mwana wotero. Mudziwo uli pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo anthu a kuno sanaiwale kuti mu Febuluwale 2019 mnyamata wachialubino wa zaka 14 anabedwa usiku m'boma lathu lomwe lino. Tinagwirizana ndi mayi wa mwanayo kuti ndiyankhule ndi anthu anayi okha, amene iye anawasankha, ndipo ndikumane nawo ku boma, osati kumudzi.

Umboni wolemera kwambiri unachokera kwa bambo wina wokalamba, mmodzi mwa adzukulu okumba manda. Ndi iye amene anaika mlongo wachialubino uja, ndipo ndi iyenso amene anaitanidwa m'mamawa wina, patapita nthawi, manda aja atapezeka ofukulidwa. Sanafune kunena zambiri. Ndinamufunsa zimene anaona ndi maso ake, zimene anachita ndi manja ake, amene anafika pamalopo, ndi ngati wina anamangidwa. Ndinalemba m'Chichewa chake momwe, osakometsa. Pamene ananena kuti chaka sakuchikumbuka koma kunali kutangotha kukolola mbatatesi, ndinalemba choncho. Ndinamuwerengera, anakonza mawu awiri, ndipo tinapita kukalumbira, iye n'kudinda chala. Womasulira wina, osati ine, anaika m'Chingerezi n'kusainira dzina lake. Tinaphatikiza chithunzi cha chiphaso chake cha unzika, ndipo ndinauza mayi wa mwanayo kuti asataye emvulopu imene mapepala afikiremo.

Mayi achikulire aja anafotokoza za nyumba yawo ya udzu ndi chitseko chake, mtunda wa kukafika ku polisi yapafupi, ndi mmene mlongo wawo ankagonera chikwanje chili pamutu pa mphasa. Tinalembanso zimene sizinkatikomera: kuti komiti ya chitetezo cha m'mudzi ilipo ndipo imayendera usiku, komanso kuti m'mudzi woyandikana muli mtsikana wachialubino amene amapita kusukulu, ngakhale amachita kuperekezedwa ndi kukatengedwa tsiku lililonse. Malume sanakondwe nazo. Ndinawauza kuti mbali inayo, ya Home Office, idzazipeza ndithu, ndipo bola zituluke pakamwa pathu.

Mbali inayo inali ndi mfundo zake zoona, ndipo mnzanga aliyense wogwira nkhani yotere azidziwe. Mu 2016 Malawi inakhwimitsa zilango m'malamulo a milandu ndi m'lamulo lokhudza ziwalo za anthu akufa. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya 2018 mpaka 2022 yoteteza anthu achialubino. Makhoti athu agamula ndi kumanga anthu pa milandu imeneyi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, ndipo ochuluka mwa iwo akukhala m'midzi mwawo. Mu 2021 a Overstone Kondowe anakhala phungu woyamba wachialubino ku nyumba ya malamulo. Kumbali yathu loya anagwiritsa ntchito lipoti la Amnesty International la 2016, zimene anapeza katswiri wa United Nations a Ikponwosa Ero atayendera dziko lino chaka chomwecho, ndi lipoti la katswiri wina amene loyayo anamupeza yekha. Funso silinali loti Malawi ndi dziko loipa kapena labwino. Linali loti mwana uyu, wa mayi wopanda mwamuna, wopanda ntchito, wa banja limene manda ake anafukulidwa kale, angatetezeke kuti ndipo ndi ndani.

Kuchokera pa mlandu uwu, mafunso anga a tsiku loyamba anasintha. Banja lililonse lobwera ndi kalata ya Home Office ndimayamba ndi kuyang'ana deti la pa kalatayo, tisanapatsane ngakhale moni wautali. Kenako ndimafunsa za mimba, za mwana wobadwa, za matenda, za ukwati watsopano, za kusintha chipembedzo, za china chilichonse chimene chachitika munthuyo atafunsidwa kale mafunso ndi Home Office, ndipo ndimafunsa amayi paokha, malume ali panja. Ndimabwerezanso mwezi uliwonse mpaka tsiku la mlandu. Sindiwauza ngati nkhaniyo ndi new matter kapena ayi, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya loya wololedwa kumeneko, ndipo malamulo awo amasintha pafupipafupi. Ndimangoonetsetsa kuti mwini wake waimva kuchokera kwa ine kuti nzeru yosunga mfundo ya kumapeto aisiye ku bwalo la mfumu, ndipo loya wake amve zonse lero.

Home Office inakana pempho lachiwiri, koma inavomera kuti ndi fresh claim, ndiye apilo inatsegukanso. Jaji wachiwiri, motsatira mlandu wa Devaseelan wa 2002, anayambira pa zimene jaji woyamba anapeza, choncho nkhani ya mwamuna uja inakhala momwe inagamulidwira. Woimira Home Office anamufunsa mayiyo kwa nthawi yaitali chifukwa chimene anabisira khungu la mwana wake. Anayankha zoona, za mantha ndi za malangizo a kutchalitchi. Jaji analemba kuti kuchedwako sikusintha khungu la mwanayo, anakhulupirira mawu a bambo wokumba manda uja, ndipo anatchula kuti mboni zinanena ndi zinthu zosakomera mbali yawo. Anapeza kuti pa banja ili, kumudzi kulibe chitetezo chokwanira, ndipo sikoyenera kuyembekezera kuti mayiyo akakhale yekha ndi mwanayo mumzinda umene alibe mbale. Apilo inaloledwa. Chigamulo cha First-tier Tribunal sichimanga majaji ena, choncho wina asachitenge ngati lonjezo kwa Mmalawi aliyense wachialubino. Masiku 14 anadutsa Home Office osapempha chilolezo cha apilo.

Kuchokera m'mawa umene kachipewa kanagwa kufika tsiku limeneli panapita zaka pafupifupi zitatu. Mwanayo analowa m'khoti koyamba ali kumsana, ndipo ulendo womaliza analowa akuyenda yekha, atavala magalasi. Malume anamwalira chigamulo chisanatuluke.

Mayi aja anabwera ku ofesi sabata yotsatira ndi kathumba ka mbatatesi. Anafunsa kuti tsopano mdzukulu wawo abwera liti kudzawaona. Ndinawauza kuti chiphaso choyendera chimene othawa kwawo amapatsidwa kawirikawiri chimagwira ntchito m'maiko ena onse kupatula dziko limene anathawa, ndiye ku Malawi sangabwere nacho. Anafunsa ngati ku Zambia angafike, ndinati n'zotheka, ndipo anayamba kuwerengera pa zala mtengo wa basi ya ku Mchinji ndi wa pasipoti yawo. Kenako tinaimba foni ya vidiyo. Mnyamatayo anayandikiza nkhope yake pafupi kwambiri ndi galasi la foni, monga amachitira ana a maso ofooka, ndipo agogo ake anamuitana ndi dzina la mlongo wawo uja.